Feteleza wa a Gondoza

Nachisale ankalima mpunga wa kumtunda, wodalira mvula yokha. Mvula itagwa, alamu ake, a Gondoza, anamutulira thumba la feteleza pakhomo, iye osapempha.

"Thirani uyu, mlamu. Koma chilichonse chimene chikule ndi feteleza wangayu ndi changa."

Ngolo m'mudzimo inali yawo yokha, ndiye kuwakana kunali kovuta. Nachisale anawomba m'manja, nalandira. Mpunga anauthira manyowa a mbuzi amene mnansi wake anamugawira mwakachetechete, feteleza uja namuwaza yense m'malire mwa munda.

Tsiku lokolola, a Gondoza anatulukira ndi ngolo, matumba ndi anzawo a pabawo.

"Zanga zili kuti, mlamu?"

Nachisale anagwada, naloza kumalire, kumene chisoso chinali chitakula kufika m'khosi.

"Ndi izo, alamu. Sindinazule ngakhale chimodzi, ndimaopa kukuberani."

A Gondoza analowamo kufunafuna ngala ya mpunga, osaipeza. Anzawo aja anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka anapakira mpunga wa Nachisale m'ngolomo kukamutulira kunyumba kwake.

Eni ngolo anatsatira pambuyo wapansi, zokolola zawo zitakakamira ku buluku.