Zovala Zonyowa Zimalemera

Abale anga, ndiyambe ndi kuvomera. Ndinalakwira munthu kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo munthuyo ndimakhala naye nyumba imodzi. Abusa atandiuza kuti lero ndilankhule kwa abambo anzanga, ndinawayankha kuti ine sukulu ndinalekera panjira, kulalikira sinditha. Iwo anati, "Ndiye mukangowaphera fanizo." Fanizo langa nali. Mwini wake mumuzindikira, koma musafulumire kuseka.

Panali munthu wina amene sanachapepo ngakhale sokosi imodzi. Akavula malaya ankangoponya kuseri kwa chitseko. Mkuja wake ankawapeza oyera, ositasita, ngati adzichapa okha. Mkazi wake, Nankhoma, ndiye ankasenza zovala za banja lonse m'bafa, kutsetsereka nazo kumjigo, n'kukweranso nazo chitunda kuti akaziyanike kunyumba. Ana asanu ndi mmodzi anakula choncho.

Tsiku lina, ana akadali aang'ono, mkaziyo anati, "Bambo a Tiyese, ndibwerekeniko wilibala yanu. Khosili likundipweteka."

Mwamunayo anali pakhonde ndi anzake, akusewera bawo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Wilibala ndi ya njerwa ndi manyowa. Zovala n'kulemera? Si thonje lokhalokha limenelo?"

Anzake aja anaseka. Mkazi anapinda nkhata, nasenza bafa lake, napita. Sanapemphenso.

Zaka zinapita, ana anachoka pakhomo. Nankhoma anayamba kutembenuka thupi lonse munthu akamuitana, poti khosi silinkalolanso. Kuchipatala anamuuza kuti asiye kusenza. Koma akasiya, achape ndani? Anangogawa katundu wake patatu, n'kumayenda maulendo atatu.

M'mawa wina mwamuna uja, akuchokera kudimba, anamuona pansi pa mtengo wa mango umene uli pakati pa chitunda. Anali atatula bafa, ataima, manja onse awiri ali pakhosi. Sankadziwa kuti wina akumuona. Pamenepo mawu a pabawo aja anabwerera kwa mwini wake, onse, ndi kuseka komwe.

Anafuna kupepesa, koma pakamwa panalemera. Munthu amene sanazolowere kunena kuti pepani, liwulo limamukhala pakhosi ngati fupa la nsomba. Ndiye anati mumtima, "Manja anga andilankhulira. Ndimukhomera bokosi la zochapa lokhala ndi mateyala. M'nyumba tiziponyamo zakuda, likadzaza azingolikankha mpaka kumjigo."

Anapita kwa kalipentala wina wa pamsika, nabwereka sowo, hamala ndi pulena. Anagulanso matabwa otsalira a paini.

Kalipentalayo anafunsa, "Katundu wake ndi wolemera bwanji, akulu?"

"Aa, zovala basi."

"Munayamba mwazinyamulapo?"

"Amisiri, ndati zovala."

Kalipentala anamupatsa zipangizo.

Munthuyo anali asanagwirepo sowo chibadwire. Iye akufuna kudula mowongoka, sowo inkapita kumene ikufuna yokha. Misomali inkapindika, iye n'kumaiwongola pamwala. Hamala inamenya chala chachikulu mpaka chikhadabo chinada bii. Mwendo umodzi wa bokosi unafupika. Atadula unzake kuti zifanane, unzakewo ndiye unafupika koposa. M'mbali anakhoma timatabwa motalikirana kuti mphepo izilowa, zovala zisamanunkhe chinyontho. Nzeru imeneyo inali ya kalipentala, ndisanamizire.

Nankhoma ankadutsa ndi nkhuni zake n'kusuzumira.

"Kodi ndi khola la nkhunda?"

"Mudzaona."

"Nkhunda zake zidzafunika zamwendo umodzi waufupi, kuti ziziima bwino."

Mateyala anachotsa ku kanjinga kakale ka mdzukulu wake. Chotsala chinali cholumikizira mateyala awiriwo kunsi kwa bokosi. Chitsulo chinalipo kwa owotcherera, koma iye anati, "Chitsulo cha chiyani pa zovala?" Anatenga mpini wa khasu lakale, nausema kuti uchepe, naulowetsa m'mateyala.

Patatha masabata atatu anaikamo zovala zakuda, nakankha pabwalo. Bokosi linayenda ngati mulibe kanthu. Linkakokera kumanzere pang'ono, koma linayenda. Mkazi wake anawomba m'manja. Mwamuna anati mumtima, "Basi, ndapepesa."

Loweruka anamuperekeza kumjigo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Potsetsereka bokosi linkachita kuthamanga lokha. Amayi a pamjigo anasiya kupopa. Mng'ono wake wa Nankhoma ndiye anayamba.

"Alamu! Mwasochera? Kubawo ndi uko!"

"Ndaperekeza galimoto yanga, mlamu."

"Galimoto yoyenda chammbali ngati nkhanu? Achemwali, musakwere, mungafikire kudambo!"

Munthuyo anakhala pamwala, naonerera mkazi wake akuchapa. Anaona mmene bulangete limamwera madzi. Anaona amayi awiri akugwirizana kulifinya, koma madzi osatha. Pomaliza zonse zinalowa m'bokosi, bafa pamwamba.

Mwamuna anakankha. Bokosi linakana. Anakankhanso ndi chifuwa, ndipo linayamba kuyenda likulira. Zovala zinali zomwe zija anatsika nazo, palibe chinawonjezeka, koma tsopano zinali ngati thumba la chimanga. Thukuta linatsika. Atafika pa mango uja, mpini wa khasu unangoti thyo! Teyala limodzi linagubuduka kubwerera kumjigo. Bokosi linagwada.

Nankhoma sanaseke, sanadandaulenso. Anasamutsira zovala m'bafa, chimodzichimodzi, kuti zisakhudze dothi. Anamasula kansalu ka m'chiuno, napinda nkhata, naiika pamutu. Kenako anagwira mbali imodzi ya bafa, nanena mawu amene ankanena kwa amayi anzake zaka zonsezo.

"Nditwikeni, bambo."

Mwamuna anagwira mbali inayo, nakweza. Bafa litafika m'chifuwa, anamva kulemera kwake konse. Anayang'ana khosi limene linkadikira katunduyo. Linali lowonda, lopendekera kumodzi ngati bokosi lake lija.

Anabweza bafa pansi. Anachotsa nkhata pamutu pa mkazi wake, naiika pa wake.

"Nankhoma, nditwikeni ine."

"Anthu akuona."

"Pabawo paja analiponso anthu."

 Mkaziyo sanafunse kuti bawo yake iti. Anawerama, namutwika.

Munthuyo anakwera chitunda ndi bafa pamutu. Madzi a sopo ankatsikira m'maso ndi kumsana.  Kumbuyo mlamu wake ankalulutira, akuthamanga ndi teyala lija m'manja. Kuchokera pa mango kukafika pakhomo si patali, mwana amathamangapo osapuma. Koma iye anagona masiku atatu khosi litauma, ndipo amene ankamuthowa ndi madzi ofunda anali Nankhoma yemweyo.

Atachira anabwerera kwa kalipentala.

"Tsopano mwazinyamula?"

"Ndazinyamula."

"Ndiye tiyeni tikagule chitsulo."

Bokosilo lilipo mpaka lero. Likukokerabe kumanzere. Amene amalikankha Loweruka lililonse ndi mwini wake amene analikhoma, ndipo bulangete amafinya awiri.

Abale, munthuyo mwamuona kale, ndi uyu waima pano ndi chikhadabo chakudachi. Ine ndinayeza katundu wa mkazi wanga ali wouma, pabwalo losalala, ndipo ndinakhoma bokosi lolingana ndi maganizo anga. Ngakhale pofuna kukonza, ndinamupeputsabe. Inu mukabwerera kunyumba, muyang'ane chimene mnzanu amasenza tsiku ndi tsiku. Ngati simunachiikepo pamutu panu, musachitchule chopepuka. Ndipo musaganize kuti matabwa, kapena chitenje chatsopano, zidzakunenerani mawu amene pakamwa panu pakukana. Mphatso imathyoka pachitunda. Pamafunika mwini wake alankhule.

Tsiku lija, titafika pakhomo, Nankhoma ananditula. Ndinakhala pansi pomwepo, malaya ali nyowe, mpweya ukuperewera. Iye anayamba kukutumula zovala kuti aziyanike, ngati palibe chachitika. Ndinamugwira dzanja, lozizira ndi madzi, lokhakhala ndi sopo wa zaka zonse zija, ndipo fupa lija linachoka pakhosi.

"Nankhoma, munandipempha wilibala, ine ndinakusekani pamaso pa anthu. Ndinati ndi thonje. Si thonje ayi, mayi. Khosi lanuli ndinalipinda ndine. Ndinalakwa. Pepani, ndikhululukireni."