Mamba a Pansi pa Chitsime

Panali munthu wina amene anasiyira ana ake aakazi awiri munda wopanda madzi. Chaka cha chilala awiriwa anayamba kukumba chitsime, kuti nazale yawo ya tomato isaume.

Dzenje litafika m'khosi, khasu linagunda mwala wakuda. Pamwalapo panali mamba ondondozana bwino, ngati a njoka.

"Ndi msana wa Napolo uwu," anatero wamkulu. "Tikwirire asanadzuke."

"Achemwali, tikakwirira tomato amwa chiyani? Mundidikire kaye."

Wamng'onoyo anagamula kachidutswa napita nako kwa atsibweni awo, amene anakalambira m'migodi ya malasha. Atsibweniwo sanadabwe. Anakhuthula timiyala m'chitini chakale. Ka ku mgodi wa ku Wankie kanali ndi mamba ngati maso a nsomba. Ka ku Tete kanali ngati ukonde. Kena, kamene anapatsidwa ndi mnzawo wa kutsidya la nyanja zamchere, kanali ndi timizere ngati mphini.

"Nanga n'chiyani, atsibweni?"

"Ena ankati njoka. Ena ankati ndi mitengo ya m'madambo akale, anthu asanakhaleko, ndipo mambawo ndi zipsera za pamene panathothoka masamba. Ine ndinkangokumba, mwanawe."

Panjira mtsikanayo ankadzifunsa: njoka yanji iyi, mutu ku Wankie, mchira m'munda mwathu, n'kumasintha chovala dziko lililonse?

Anapeza mkulu wake atayamba kale kugwetsera dothi m'dzenje. Wamng'onoyo analumphiramo, nayamba kutsata mambawo ndi zala, uku akupalasa dothi. Patsogolo pang'ono mwalawo unagawikana pawiri. Mbali iliyonse inagawikananso pawiri.

"Achemwali, tasuzumirani. Munaionapo njoka yochita nthambi?"

Wamkulu anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsika ndi khasu.

"Sendera uko. Umapalasa ngati nkhuku iwe."

Anaswa mtengo wamwalawo, ndipo pansi pake dothi linali lonyowa. Dzuwa lisanapendeke anali akutunga madzi.

Anzanga, chimene chakuopsani pakhomo panu mwina chili ndi abale ake kutali, ovala mosiyanasiyana, ndipo alipo amene anawaonapo. Musathamangire kuchikwirira. Kafunseni, mukabwerako muchitsate ndi zala mpaka pamene chachita nthambi. Madzi amene mukufuna angakhale pansi pake.