Chimbale cha Injiniya Kachete

Pali chinthu chimene Kachete anali asanauzepo munthu aliyense. Miyezi yonse imene anakhala m'kalasi ya makompyuta, aphunzitsi akafunsa ngati alipo amene sanamve, dzanja lake linkayabwa koma silinkadzuka. Ankangogwedeza mutu pamodzi ndi anzake, n'kumadziuza kuti mawa amvetsa. Mayeso anakhoza ndithu, poti kuloweza sikunkamuvuta. Koma phunziro la kaikidwe ka pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta linamudutsa ngati basi yodzaza: anaiona, anaimva kulira, koma sanakwere.

Kunyumba zimenezi sankazidziwa. Bambo ake, amene anali telala, anapachika satifiketi yake pakhoma la shopu, pakati pa kalilole ndi msomali wokolekapo tepi yoyezera. Dzina loti Kachete, limene anamupatsa ali wamng'ono chifukwa chosowa mawu pagulu, analiwonjezera udindo. Tsopano anali Injiniya Kachete, ndipo kasitomala aliyense wobwera kudzayezetsa ankayamba wamva za iye asanauzidwe kukula kwa chiuno chake. Mtsikanayo ankangomwetulira chamumtima, maso ali pa mabatani amene akusoka. Kunena zoona, dzinalo linkamukoma.

Pakona ya shopuyo, kuseri kwa mipukutu ya nsalu, panali kompyuta yakale yotuwa ndi fumbi la thonje. M'menemo munali zithunzi za chovala chilichonse chimene bambo ake anasokapo pa zaka zambiri: masuti, madiresi a ukwati, mayunifolomu a kwaya, ngakhale kabudula wa mwana amene lero ali ndi ndevu. Bambo sankajambula masitayilo papepala. Ankakhazika kasitomala pampando, n'kumamuonetsa zithunzi mpaka chala chake chiime pa chimodzi. Ankati pakamwa pa kasitomala pamanama, koma chala sichinama.

Tsiku lina m'mawa kompyutayo inakana kudzuka. Inangoonetsa mdima, ndi timawu toyera pakona. Azakhali, amene ankasita zovala m'shopumo, anakumbutsa kuti kutsidya kwa msewu kuli mayi wokonza mafoni ndi makompyuta. Bambo anaseka ali ndi ulusi kukamwa, n'kufunsa kuti munthu angakapemphe bwanji moto kwa aneba m'nyumba mwake muli mbaula yoyaka. Apo ndi pamene Kachete akanalankhula. Mawu anafika pakhosi, anazungulira, n'kubwerera. Chimene chinatuluka chinali chakuti akonza.

Chimbale choikira pulogalamu yoyendetsa kompyuta ija anali nacho m'chikwama. Anachikopera yekha tsiku lomaliza la sukulu, anzake ali pamzere kumbuyo kwake akumupumira m'khosi. Pofuna kuchoka msanga pamaso pa anthu, anasankha liwiro lalikulu kuposa onse, ndipo kompyuta itamufunsa ngati akufuna kuti itsimikize zimene yakopera, anakana, poti sankadziwa tanthauzo lake ndipo kufunsa kunali manyazi. Chimbalecho chinali chonyezimira bwino, dzina lake litalembedwa pamwamba ndi cholembera chofiira.

Anachilowetsa. Chinalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pagalasi. Kachete anamva kukoma m'mtima. Kamzereko kanadutsa pakati pang'ono, kenako kanaima. Kompyuta inalemba kuti pali mbali ina imene ikulephera kuwerenga.

Anayambanso. Kanaimanso pomwepo. Anatulutsa chimbalecho, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta ndi kachidutswa ka nsalu ya silika, koma kamzere kaja kanafika pamalo pake n'kukhala pansi ngati bulu wotopa. Azakhali anasiya simbi n'kubwera ndi nzeru yawo, yoti zimbale zokalika amazipaka mankhwala otsukira mano. Anati cha nyimbo za ukwati wawo anachichiritsa choncho. Anapaka, anatsuka, anayanika pazenera. Shopu yonse inanunkhira ngati m'kamwa mwa munthu wopita kokafunsira ntchito, ndipo bambo anati chimbalecho chikalephera kukonza kompyuta, mwina chipeza banja. Onse anaseka, ndi Kachete yemwe. Kamzere kanaimanso pomwe paja.

Munthu wofatsa akanadabwa kuti bwanji kakuima malo amodzimodzi. Koma manyazi akakhwima amasanduka liuma. Kachete anagamula yekha kuti vuto ndi kompyuta, kuti yadzaza zinyalala ndipo pulogalamu yatsopano ikusowa pokhala. Atayambanso, anafika pamene kompyuta imafunsa ngati ifufute zimene zilimo. Anakumbukira kuti pamalo amenewa aphunzitsi anakweza chala, nkhope itasintha, n'kunena chinachake chofunika. Anakumbukira chala, anakumbukira nkhope, koma mawu awo ayi. Linali tsiku lomwe dzanja lake linayabwa kuposa masiku onse. Anasuzumira pazenera. Chikwangwani cha mayi wokonza uja chinali poonekera, kutsidya kwa msewu basi. Anabweza maso, n'kudina.

Kompyuta inafufuta mosanyinyirika. Kamzere kanakwawa, kanadutsa pakati, kanaima.

Masana kunabwera namwali wina amene ukwati wake unali pafupi. Ankafuna diresi longa limene analiona pa kompyutayo mwezi wathawo, lamanja otukuka, losokedwera mayi wina wa kubanki. Bambo anamuuza monyadira kuti adikire pang'ono, Injiniya ali pakati pa ntchito. Kachete anayang'ana kompyutayo. Zaka zonse za manja a bambo ake zinali m'bokosi limenelo, ndipo tsopano bokosilo linali mbee ngati mbale yotsukidwa.

Anatenga chimbale chija n'kutuluka. Msewu umene ankauwoloka tsiku lililonse unatalika ngati mtsinje wosefukira. Mayi wokonzayo anali atawerama pa foni yophwasula, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Kachete anapereka moni, n'kuima. Mayiyo sanamufulumizitse. Anangosuntha mpando ndi phazi, n'kupitiriza ntchito yake mpaka mawu a mtsikanayo atapeza njira.

Atamva zonse, ananunkhiza chimbalecho, anamwetulira, koma sanafunse za fungolo. Anachilowetsa m'kompyuta yake. Kamzere kanaima pamalo pomwe paja.

"Waona? Makompyuta awiri sangadwale matenda amodzi, malo amodzi," anatero mayiyo, akutulutsa chimbalecho. "Wodwala ndi uyu. Unamulemba mothamanga, zilembo zina zinapindika. Ngakhale umutsuke ndi sopo, sizingawongoke. Nanga pofufuta paja, unafufuta chipinda chiti?"

Kachete sankadziwa n'komwe kuti muli zipinda. Ananena choncho, motsitsa mawu, akuyembekeza kusekedwa. Mayiyo anangotseka shopu yake, kutenga chimbale china m'dirowa, n'kuwoloka naye msewu.

Zinapezeka kuti nkhokwe ya kompyutayo inagawidwa pawiri. Zithunzi zakale zinali m'chipinda chachiwiri, zonse zili bwinobwino. Koma za miyezi yaposachedwa, zimene bambo ankangozisiya poyera kuti azizipeza msanga, zinali m'chipinda chimene chinasesedwa. Diresi la manja otukuka linapita nazo. Mayiyo sanakhale pampando. Anakhazikapo Kachete, iye n'kuima kumbuyo, n'kumuuza kuti asadine kanthu kalikonse kamene sakukadziwa dzina. Kachete anafunsa funso loyamba. Lachiwiri linabwera lokha. Pamene kamzere kobiriwira kankafika kumapeto, anali atafunsa mafunso ochuluka kuposa amene anafunsa moyo wake wonse wa kusukulu, ndipo denga silinagwe.

Bambo atamva kuti zithunzi zina zapita, anapota ulusi ndi zala. Kenako anati makina okalamba amatero, ndipo zovalazo sizinafe, zili m'matupi mwa eni ake. Kachete anasiya kompyuta isenze mlanduwo. Bambo anayamba kuimbira mafoni makasitomala, kuwapempha kuti adzadutse Loweruka atavala zimene anawasokera, kuti adzawajambulenso.

Anabwera, ndipo anabwera mokondwa. Loweruka limenelo shopu inali ngati pa ukwati wopanda mkwati. Bambo wina anafika ndi suti imene inali itayamba kukana mimba yake, n'kupempha kuti amujambule asanapume. Amayi a kwaya anajambulitsa akuimba. Mayi wa kubanki uja anabwera ndi diresi lake la manja otukuka, anazungulira pakati pa shopu, ndipo namwali uja analigwira, analitembenuza, n'kunena kuti pachithunzi silinkaoneka bwino chonchi. Wojambula anali Kachete. Aliyense ankamufunsa dzina ndi mtundu wa nsalu asanasunge chithunzi, ndipo ankachisunga m'chipinda chachiwiri.

Anthu atabalalika, azakhali atapita kukagula makala a simbi, anatsala awiri. Bambo ankadontheza mafuta m'makina osokera. Kachete ankasesa tizidutswa ta nsalu, ndipo anasesa malo amodzi mpaka simenti inawala. Anayang'ana satifiketi ili pakhoma, anayang'ana msana wa bambo ake.

"Bambo," anatero. "Kompyuta ija sinalakwe. Zithunzi zija ndinafufuta ndine. Kusukulu kuja zambiri sindinkamva, koma ndinkaopa kufunsa."

Bambo sanatembenuke msanga. Anapukuta manja pa kansalu, anapukusa gudumu la makina kuti amve ngati likuyenda bwino, kenako anamuyang'ana ndi maso oseka. Anamuuza kuti satifiketi ikhala pomwepo, ndipo dzina la Injiniya silichoka, chifukwa injiniya amene anamuona Loweruka limenelo, wofunsa aliyense dzina ndi nsalu, ndi amene iwo ankamufuna. Anatola chimbale chonunkhira chija patebulo, n'kuchikoleka pamsomali wa tepi, pambali pa satifiketi.

"Ichinso ndi chako, unachivutikira," anatero. "Uzichiona ukamalowa, mwana wanga. Safunsa anadya phula."