Maluwa Odikira Huta

Pakhomo pa Mayi Estele, m'komboni ya mgodi wina ku Bindura, panali maluwa amakani. M'mawa ankakhala otseka, masana otseka, koma huta, lipenga lodziwitsa nthawi kumgodi, ikangolira folo koloko kuti a shifiti ya m'mawa aweruke, iwo ankatseguka onse pamodzi, achikasu a mizere yofiira, fungo lake n'kufika mpaka kumpopi. Amene anawabzala anali malemu amuna awo, bambo Enoki. Nthawi imeneyo ndi imene bambowo ankafika, kukhala pa sitepe, kuvula jombo, n'kuuza maluwawo kuti, "Mwandilandira, zikomo."

Bambo Enoki atamwalira ndi chifuwa cha fumbi la pansi, kampani inauza mayiwo kuti pofika kumapeto kwa mwezi akhale atatuluka. Nyumba ya mgodi ndi ya wogwira ntchito, si ya wamasiye. Anayenera kukakhala kwa mwana wawo wamkazi, Olipa, amene ankachita lendi chipinda ku Chipadze, dera lina la m'tauni yomweyo, pabwalo lothiridwa simenti mpaka kumpanda. Mapoto ndi bedi akanatha kunyamula. Chimene sakanatha kunyamula ndi khomo lija, sitepe ija, ndi maluwa atatseguka mbali zonse ziwiri. Choncho anapempha chinthu chimodzi chokha kwa mwana wawo wamwamuna, Wiseman: chithunzi.

Sanapemphe kwa munthu wolakwika, poti Wiseman anali wojambula zithunzi za maukwati ndi misonkhano ya tchalitchi. Vuto linali lakuti anali atangogula kamera yatsopano ku Harare, ya lenzi yaitali ngati munsi, ndipo chigulireni chinthucho anthu sankamwa naye madzi. Ukamupatsa moni ankakuyankha za kamera. Ukamufunsa za mvula ankakuuza kuti kamera yake sinyowa. Mnyamata amene kale ankagwada m'fumbi kusaka malo abwino ojambulira tsopano ankangoloza n'kudina, maso ali kwina.

Amayi ake anamuuza kuti abwere madzulo. Iye anafika dzuwa lili paliwombo, Loweruka lomaliza la mweziwo, Olipa ali kalikiliki kumanga mbale m'makatoni.

"Mwanawe, ndinati madzulo," anatero Mayi Estele. "Taona, agona."

"Mhamha," anatero Wiseman, poti ndi mmene ankaitanira amayi ake m'Chishona, "kamera iyi ilibe masana, ilibe madzulo. Imajambula ndi nsidze za ntchentche zomwe."

"Khala pa sitepepa, ndikuphikire tiyi. Ukawaona akutseguka udziwa chimene ndikufuna."

"Ndilibe taimu, Mhamha. Ndili ndi ukwati ku Matepatepa."

Olipa anasuzumira pawindo, mbale ili m'manja. "Ukwatiwo ndi wa mawa, usatinamize! Ukuthamangira kukaonetsa chidole chakocho kwa anzako a kwaya."

"Sisi, inu mangani mbale. Zinazi si zanu."

Anavula chivindikiro cha lenzi, kamera n'kuyamba kulira ngati makina osokera. Sanabwerere m'mbuyo kuti aone nyumba yonse. Sanayang'ane chitseko. Sanafunse ngakhale funso limodzi kwa munthu amene anamutuma. Anangosendeza munsi wake uja pafupi ndi maluwa ofota, kudina, kusuntha, kudina. Ataona kuti palibe lotseguka, anagwira limodzi n'kulikanula ndi chikhadabo. Linang'ambika.

"Chotsa dzanja lako pamenepo!" Mayi Estele anakalipa. "Unabzala ndiwe?"

"Sole, Mhamha. Koma musadandaule, zonse zalowa. Zotsalazo ndikakonza pa kompyuta. Ndipo sisi, musayerekeze kujambula ndi kafoni kanu kosweka ako, mungachititse manyazi maluwa a adadi."

Tiyi asanawire n'komwe, iye anali atakwera kombi, minibasi ya kumeneko.

Huta italira, maluwa anatseguka monga mwa masiku onse. Olipa anatulutsa foni, mtima ukuwawabe, koma amayi ake anamugwira mkono. "Zisiye. Mlongo wako wajambula ndi chinthu chachikulu chija. Wati zonse zalowa." Olipa anabweza foni m'thumba. Apa ndi pamene nkhaniyi imapsetsa mtima kwambiri: bodza la kamera lija linanamiza ngakhale amene anali ndi maso. Lolemba lole inabwera, katundu anakwera, makiyi anabwezedwa ku ofesi.

Wiseman atatsegula zithunzi pa kompyuta, thukuta linamutuluka. Kamera inali itagwira ntchito yake mosalakwitsa: fumbi lililonse pa tsamba linkaoneka, ubweya uliwonse wa phesi unkawerengeka. Koma chimene chinali pamenepo chinali mulu wa tinthu tofota, tokhala ngati zotsala za ndudu. Munthu wanzeru akanathamanga tsiku lomwelo kukapepesa, maluwa akadalipo. Koma kuvomera kukanatanthauza kuti kamera yake ili ndi chimene singathe, ndipo zimenezo Wiseman sakanazimeza. Anakhala sabata yathunthu akuzengereza. Kenako anasaka pa intaneti maluwa a mtundu womwewo, anapeza ofiirira, otseguka bwino, onona ndi mame a dziko lina. Anawamata pamwamba pa ofota aja, anatsuka chithunzi chachikulu, n'kuchiika m'felemu yagolide.

Anafika nacho ku Chipadze akumwetulira ngati wobwera ndi mphatso ya ukwati. Mayi Estele anapukuta manja pa chitenje, n'kuchilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, Olipa ataima kumbuyo kwawo.

"Awa ndi a kwa yani?"

"Anu, Mhamha. Ndangowakonza pang'ono."

"Anga ndi achikasu, a mizere yofiira." Anayankhula motsitsa, koma mawu ake ankacheka. "Iwe unakwawira pakhomo paja. Njere zake zakuda zija unkadzaza nazo matumba a kabudula, ine n'kumavutika pochapa. Lero sudziwa mtundu wake?"

"Mtundu ndingasinthe, Mhamha, ndi nkhani ya mphindi zochepa. Kamera ija..."

"Usanditchulirenso kamera m'nyumba muno! Sitepe ili kuti? Chitseko chili kuti? Bambo ako akhala pati pamenepa kuti avule jombo?"

Olipa ndiye sanasiye mawu m'mimba.

"Foni inali m'manja mwangamu, iwe! Maluwa atatseguka onse, dzuwa likuwomba pa chitseko, amayi atakhala pa sitepe. Ndinaibweza m'thumba chifukwa cha matama ako. Amayi sanakupemphe nsidze za ntchentche. Anakupempha kuti ukhale pansi, basi. Kukhala pansi kokha!"

Mayi Estele anamubwezera felemu ija. "Kapereke kwa eni ake. Mwina akuwafuna."

M'mawa mwake Wiseman anakwera kombi yopita kukomboni, kamera ili pakhosi, mtima uli m'mwamba. Ulendo uno anafika msanga, wokonzeka kudikira ngakhale mpaka mawa. Atakhota pa mpopi anangoima. Pamene panali maluwa panali mabedi awiri a repu, othiriridwa bwino, ndipo pakona panali phulusa la zinyalala. Pa chingwe panayanikidwa ovolosi ya munthu wina. Mkazi wa wogwira ntchito amene anapatsidwa nyumbayo, Tambudzai, anatuluka ndi chidebe m'manja.

"Maluwa amene anali apa, mama?" anafunsa Wiseman.

"Maruva? Aiwa, maruva haadyiwi," anatero mayiyo m'Chishona, akuseka. Maluwa sadyedwa, ndipo iye anali ndi ana ofuna ndiwo. Anali atazula ndi mizu yomwe, mapesi n'kuwatentha. Panalibe chomudzudzulira: nyumba inali yake tsopano.

Wiseman anapempha kukhala pa sitepe, mayiyo anamulola modabwa. Anakhala. Kwa nthawi yoyamba anaona zimene zinalipo masiku onse: kuti m'mphepete mwa sitepe munali mokumbika pamene bambo ake ankagogoderapo jombo, kuti dzuwa likapendeka kuwala kumatsika pang'onopang'ono pa chitseko mpaka kufika pamene pankakhala maluwa. Chithunzi chimene amayi ake ankafuna chinali chapafupi, choti ndi kafoni kosweka komwe kakanachitenga. Anadzikwiyira.

Huta inalira. Amuna a zipewa zolimba anayamba kudutsa mumsewu, akumuyang'ana mlendo wa kamera yaikulu wokhala pakhomo pa eni. Iye anayang'anitsitsa pansi, mbali iyi ndi mbali iyo, koma panalibe chotseguka. Lenzi ija inakhala chitsekere pamiyendo pake.

Ku Chipadze khoma la pamwamba pa bedi la Mayi Estele likadali lopanda kanthu. Huta ikamveka chapatali iwo amasiya chimene akuchita n'kutseka maso, pakuti maluwawo atsala m'maganizo mwawo mokha. Mwana wawo anaphunzira kukhala pansi pamene choona chinali chitapita kale. Akulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.