Bulangeti la Alamu

Panali munthu wina, mlonda wa pa nyumba yogona alendo m'tsinde mwa phiri lalitali. M'mawa uliwonse ankaona alendo akunyamuka kukakwera phirilo, aliyense ndi kachikwama kakang'ono kumsana, akuyenda ngati akupita kumsika. Iye ankasirira. Sankadziwa kuti m'tizikwamamo mumakhala zofunda zodula, zotentha koma zopindika n'kutsala ngati chibakera. Ankangoona kuchepa kwake. Tsiku lina anapeza kachikwama kotero pa kaunjika, nagula.

Munthuyu anali ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene pa unyamata ankacheka matabwa pamwamba pa phirilo. Mlamuyo anali atangodzuka kumene ku matenda a chifuwa, ndipo ankalakalaka kukaonanso malo akewo. Anapangana zokwera Loweruka, kukagona kuphanga limene ocheka matabwa ankagonamo kale, n'kutsika m'mawa mwake.

Anagawana katundu. Mlamu, poti anali wofooka, anatenga mbatata zootcha ndi machesi. Mlonda anapatsidwa bulangeti lokhuthala ndi pulasitiki yotchinga mvula. Mkazi wake anazikanikizira yekha m'kachikwama kaja mpaka kanatupa, zipi osatsekeka.

"Achimwene asakazizidwe," anatero mkaziyo. "Chifuwa chawo mukuchidziwa."

Anayamba kukwera dzuwa likuswa mtengo. Panjira anakumana ndi anyamata onyamula katundu wa alendo, omwe ankamudziwa mlondayo.

"Bwanji alonda, akuthamangitsani kunyumba? Mukusamukira kuphiri?"

Anaseka onse, mlamu nayenso anaseka. Mlonda sanaseke. Thukuta linali litanyowetsa msana, malamba akudya m'mapewa, ndipo kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Atafika pa mtsinje anauza mlamu wake kuti atsogole, iye apatuke pang'ono. Kuseri kwa thanthwe anatulutsa bulangeti ndi pulasitiki, nazibisa, akumati adzazitenga potsika.

Atamupeza, mlamu anayang'ana kachikwamako.

"Kaphwa bwanji, alamu?"

"Ndalongedza bwino. Mmene amachitira alendo."

Mlamu anakhulupirira, ulendo n'kupitirira. Tsopano mlonda ankayenda mopepuka, mpaka kumaimba mluzu.

Anafika kuphanga dzuwa litapendeka. Asanakhale n'komwe pansi mphepo inatembenuka, ndipo chiperoni chinafika, nkhungu yozizira ija ya mvula yamawawa imene imaphimba phiri mwadzidzidzi. Mphepo inkakankhira madzi mpaka m'kati mwa phanga. Nkhuni zimene anatola zinali zitanyowa kale. Anayatsa, anauzira, machesi anatha moto osagwira. Kutsika sikukanatheka, pakuti mu nkhungu yotero munthu saona phazi lake, ndipo njirayo imadutsa m'mphepete mwa maphompho.

Mlamu anayamba kutsokomola.

"Alamu, tulutsani pulasitiki ija titseke pakhomopa. Bulangeti mundipatse."

Mlonda anangoyang'ana kachikwama kophwa kaja.

"Alamu?"

"Zili kumtsinje."

Mlamu anamuyang'ana. Kenako anaseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa.

"N'chifukwa chake mumadumpha miyala ngati mbuzi. Ine ndimati mlongo wanga akukudyetsani bwino."

Sanamukalipire. Anangomuuza kuti asendere pafupi, agundane misana. Mlonda anavula jekete yake n'kumufunditsa, koma inali kansalu chabe, konyowa kale. Usiku wonse ankamva msana wa mlamu wake ukunjenjemera pa msana wake. Kutayamba kucha, kunjenjemera kuja kunaleka, ndipo iye anaganiza kuti zinthu zayamba kukhala bwino. Koma mlamu anali akuyankhula ndi anzake ocheka matabwa amene anamwalira kalekale, akuwauza kuti anole sowo.

Nkhungu itayera, mlonda anabereka mlamu wake kumsana n'kuyamba kutsika. Anagwa, anadzuka, mawondo ananyuka, mpaka anafika kumsewu. Kuchipatala anati ndi chibayo. Mlamuyo sanathe sabata, ndipo sanatsitsimuke kuti anene kanthu kwa wina aliyense.

Maliro atatha, mkazi uja anapeza mwamuna wake atakhala yekha kuseri kwa nyumba. Anagwada pambali pake.

"Ndingofunsa chimodzi, bambo. Munawafunditsa achimwene?"

"Ndinawafunditsa."

Mkaziyo analira, nagwira mapazi a mwamuna wake ong'ambikawo, namuthokoza. Ndipo kuyambira pamenepo, alendo akabwera pakhomo, ankawauza kuti mwamuna wake anatsitsa mlamu wake paphiri kumsana. Anthu ankapukusa mitu mogoma. Munthu uja ankakhala pomwepo, akumva, maso ali pansi.

Abale anga, ambiri a ife tinatulapo kanthu panjira poopa kulemedwa ndi kusekedwa, tikumati kumwamba kwayera, tidzatenga pobwerera. Musanatule, funsani kuti chimene mwanyamulacho n'cha yani. Mwina si chanu. Mwina ndi moyo wa amene ali patsogolo panuyo, amene sakutembenuka chifukwa amakukhulupirirani. Ndipo ngati munatula kale, wina n'kuvulala, musadikire kuti akuyamikireni pa bodza. Pitani mukanene lero, amene ayenera kumva akadali ndi moyo. Adzalira, mwina adzakudani. Koma kuthokozedwa ndi munthu amene munamulakwira, iye osadziwa, kumapweteka kuposa pamenepo, ndipo sikutha.