Maso a Nankhoma Panyanja Yamchere

Kalekale, njanji isanafike kuno kuchigwa, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nankhoma, agogo a agogo anu. Mwamuna wake anali Chikuse, munthu amene unyamata wake wonse anathera pa ngalawa za matanga, kunyanja yamchere kuja kumene Zambezi amakathira. Atakalamba anabwerera kumudzi, nagwira khasu ngati anzake.

Chaka china, onse awiri imvi zili mbuu, kunabwera uthenga kuti Mlauzi, mng'ono wake wa Chikuse amene anakwatira ku Angoshi, wadwala kwakayakaya ndipo akuitana mkulu wake. Mukudziwa kutalika kwa Angoshi inu? Kutsika Shire, kutsika Zambezi, kutulukira pa Chinde, kenaka masiku ndi masiku kutsata gombe la nyanja.

Chikuse sanachedwe. Anakonza ngalawa yake yakale, naimika mlongoti, nasoka thanga. Ana anamuletsa, anakana. Akamwini anamuletsa, anakana. Nankhoma yekha sanaletse, anangoyamba kusinja mapira ndi kuyanika nsomba.

"Kambayu ngwa anthu awiri," anatero. "Mukakafera m'madzi, ine ndizidzalira pa manda ati? Tipitira limodzi."

Anapitadi. Mumtsinje munalibe vuto, madzi ankawanyamula okha. Koma atatulukira panyanja, Nankhoma anagwira mlongoti ndi manja awiri. Madzi kutsogolo, madzi kumanja, mtunda kumanzere kokha, wopyapyala ngati ulusi. Chikuse anakhala kumbuyo atagwira tsigiro, mtengo wowongolera uja, nkhope ili yowala ngati mnyamata.

Tsiku lachitatu dzuwa lili paliwombo, Nankhoma anaona kutsogolo madzi akuchita thovu loyera, mafunde akusweka pamalo amodzi. Anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali phee, ngalawa ikulunjika pomwepo.

"A Chikuse, choyera chili apocho n'chiyani?"

"Chili kuti?"

"Kutsogolo kwathuku. Simukuchiona?"

Nkhalamba inakankha tsigiro ndi mphamvu zake zonse, thanga linagwedezeka, ngalawa n'kupotoloka. Pansi panamveka kukhula, khwee, pamchenga, kenaka anadutsa.

Nankhoma anakwawa mpaka kumbuyo, nagwira chibwano cha mwamuna wake, namuyang'anitsitsa m'maso. Munali ng'ala, maso onse awiri, yoyera ngati madzi a mpunga.

"Zinayamba liti?"

"Dzinja la chaka chatha."

"Ndiye munandikweza m'ngalawa muli wosaona?"

"Mphepo ndimaimva pakhungu, mayi. Mafunde ndimawamva m'matakomu. Ndinkati zikwanira. Ndikadanena, mukanandimanga pakhomo ngati mbuzi, Mlauzi n'kufa osandimva mawu."

Kodi inu mukanatani? Kubwerera, mphepo ikuchokera kumbuyo? Kupitirira, woyendetsa ali wakhungu? Nankhoma anapsa mtima. Anafuna kumulalatira, koma anaona nkhalambayo itagwirabe tsigiro, ikudikira mawu ake.

"Mlandu uwu tikakambira pamtunda," anatero. "Pano ndiuzeni zoti ndiziyang'ana."

Chikuse anamuphunzitsa. Madzi akuda bii, ndiye pakuya, pitani. Madzi obiriwira, samalani. Madzi ofiirira, mtsinje uli pafupi. Thovu loyera, thawani. Kuyambira tsiku limenelo Nankhoma ankakhala kutsogolo, chitenje atamanga m'chiuno, akunena zonse zimene akuona. Mayi akuona, bambo akuwongola. Mayi akuona, bambo akuwongola. Dzuwa likapendeka ankafuna pobisalira mphepo, n'kuponya nangula. Milomo inang'ambika ndi mchere, madzi akumwa anatsala m'chipanda chimodzi, koma ankapitabe.

Choopsa chinali polowera ku Angoshi, pamene mtsinje umalimbana ndi nyanja. Mafunde ankasweka uku ndi uku, pakati pokha n'kutsala kanjira kakuda, kopapatiza.

"Kumanzere pang'ono. Basi. Gwirani pomwepo."

"Kumbuyoku kukubwera chiyani? Ndikumva mkokomo."

"Funde lalikulu. Musatembenuke, mutembenukiranji poti simuona? Kumanja tsopano, kumanja."

Funde lija linawanyamula m'mwamba, n'kuwathamangitsa ngati mwala wa pa legeni, madzi akukhuthukira m'ngalawa mpaka m'mawondo. Kenaka zii. Madzi odekha, mitengo ya kokonati, akazi akutola nkhono m'matope. Nankhoma anangokhala pansi m'madzi momwemo n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika.

Anafunsa nyumba ya Mlauzi mitima ili m'mwamba, akuyembekeza kupeza manda atsopano. Anapeza munthu wowonda ngati bango, atatsamira khoma, akusoka ukonde. Matenda anali atamusiya.

"Alamu," anatero Nankhoma, "tawoloka nyanja yonseyi kudzakulirani, inu muli pano kusoka ukonde?"

Mlauzi anaponya ukondewo. Chikuse anamupapasa kumaso, namupapasa m'mapewa, akungoti, "Ndiwe, ndiwedi." Amuna awiri okalamba analira ngati ana.

Anakhala kumeneko miyezi inayi, kudikira kuti mphepo itembenuke. Pobwerera Nankhoma sanafunsenso kuti choyeracho n'chiyani, nyanja anali ataidziwa ngati dimba lake. Anafika muno m'mudzi anthu ataviika kale chimera cha mowa wa maliro awo. Mowawo unaphikidwabe, ndipo eni maliro anamwa nawo, Chikuse n'kuvina mpaka kugwa.

N'chifukwa chake, ana inu, pamtundu pathu pano nkhalamba ikafuna ulendo sitiitsekera pakhomo, timaifunsa kuti ipita ndi yani. Ndipo amene ukukwera naye ngalawa imodzi sumubisira chilema chako. Ukamuuza msanga, amakubwereka chimene ulibe. Ukabisa, mumamira nonse awiri.