Fupa la mphalapala pabwalo

Sabata yatha, kuno ku Bulawayo kumene ndakhala zaka makumi anayi, ndinaona pakanema oweruza asanu atavala mikanjo, atakhala pamipando yaitali. Loya wa boma ankawauza kuti nyumba zimene anthu akudandaula zinagwetsedwa kale, motero palibenso choti khoti liweruze. Ndinakumbuka bwalo la kwathu ku Ntchisi. Panalibe mikanjo. Panali zipika zinayi zokhalapo akulu anayi a bwalo pansi pa mkuyu, ndi nkhuku zopalasa. Koma mawu a loyayo si atsopano, ana inu. Anayankhulidwapo pazipika zimenezo kalekale.

Masiku amenewo amuna ankapita ku uzimba, kusaka kwa gulu, tchire likapsa. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: nyama ndi ya amene wayamba kulasa, ndipo mtsogoleri wa uzimba amalandira mwendo umodzi. Mtsogoleriyo anali Chakhaza, mmodzi wa eni mudzi, wa mtundu wa Mbewe. Iye ndiye ankasunga lipenga, ndipo lipenga lomwelo linkaitana uzimba, linkaitananso bwalo.

Tsiku lina mkamwini wina, dzina lake Kamtedza, analasa mphalapala anthu onse akuona. Chakhaza anatembenuza lamulo. Anadula mwendo, naponyera Kamtedza, nyama yonse nkupita nayo kwawo.

Kamtedza anadandaula kwa akulu a bwalo. Anamuchenjeza kuti wodandaula amayenera kuika pabwalo chinthu chimene akukanganirana, ndipo mkamwini wonamizira mwini mudzi amapatsidwa mphasa yake nkubwerera kwawo. Akagonja, asiya mkazi ndi ana atatu.

Mwendowo sakanaudya kapena kuuwamba, pakuti kutero kukanatanthauza kuti waulandira. Anaupachika wauwisi pamtengo kuseri kwa nyumba, nadikira lipenga. Lipenga silinalire. Sabata yoyamba Chakhaza anati akudwala mutu. Yachiwiri anati apita kukaona mlongo wake. Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala.

“Bambo a Mwatitha,” anatero mkazi wake Nangondo atatseka mphuno, “ana akudya nkhwani, nyama ikudyedwa ndi ntchentche. Kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena khungubwe?”

“Pirirani, mayi. Tikadya, tadya mlandu.”

“Nanga akakupirikitsani, ine nditsala ndi fungoli?”

Sabata yachinayi, pamtengo patatsala fupa ndi chikopa chouma, lipenga linalira. Anthu anadzaza pabwalo. Wotsogolera milandu anali a Dzoole, mkulu wosula makasu, wosamva bwino khutu limodzi.

“Akamwini, ikani nyama yanu apa,” anatero.

Kamtedza anaika fupa. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Chakhaza anaimirira. “Akuluakulu, mwasiya ntchito zanu chifukwa cha ichi? Ngakhale galu wanga sangachinunkhize. Nyama inatha, ina inawola. Mugawa chiyani? Mlanduwu wafa wokha. Mpatseni mphasa yake mlendoyu.”

Ambiri anavomera. Nangondo anaweramitsa mutu.

A Dzoole anatembenuzira kwa Chakhaza khutu lawo labwino lija. “A Mbewe, uzimba wina ulipo liti?”

“Mkuja.”

“Mkujayo, mkamwiniyu akayamba kulasa, nyama idzakhala ya yani?”

“Tidzaonera komweko.”

“Nanga akayamba kulasa mwana wanga? Kapena wa awa?” Analoza amuna amene ankaseka aja. Kuseka kunatha.

“Ndati tidzaonera komweko,” anabwereza Chakhaza, koma motsitsa mawu.

“Ayi, tionera pano,” anatero a Dzoole. “Munthuyu sanabwere kudzapempha ndiwo. Wabwera kudzafunsa ngati lamulo la uzimba limamanga wosunga lipenga monga limangira ife tonse. Funso limenelo ntchentche sizinadye. Tikabalalika osayankha, chaka chilichonse mudzatenga nyama, nkudwala mutu mpaka iwole. Chawola ndi nyama. Mlandu suwola.”

Akulu anayi aja anapita kuseri kukapangana, ndipo sanachedwe. Anagamula kuti lamulo lili chomwecho kwa aliyense. Chakhaza apereke kwa Kamtedza miyendo yonse imene adzalandire chaka chimenecho. Lipenga la uzimba asungebe, popeza tchire ankalidziwa kuposa onse, koma bwalo liziitanidwa ndi ng’oma yosungidwa ndi munthu wina. Kamtedza anakhala pamudzipo mpaka kukalamba.

Apo ndi pamene panachokera mwambi wakuti mlandu suwola. Ambiri amaumva ngati woopseza wakuba wothawa, kuti adzaupeza mlandu wake ukumudikira. Nzoona, koma umanenanso za wamphamvu. Iye sathawa. Amangochedwetsa, kuti zinthu ziwonongeke, mboni zitope, wodandaula achite manyazi. Bwalo labwino silifunsa ngati chinthucho chikadalipo. Limafunsa ngati cholakwacho chingachitikenso.

Amene ankaidziwa bwino nkhaniyi ndi malemu mkazi wanga, wa ku banja la Nangondo. Ndikalakwitsa dzina ankandidula pakamwa. Tsopano ndikulakwitsa popanda wondidula. Wina mwa inu amene amapita ku Ntchisi akafunse achikulire otsala, akonze pamene ndapotoza, ndipo ailembe bwinobwino m’buku.